Mmene mungakonzere bwalo loyerekeza la mlandu wa Jenerale Yamashita pasukulu

Ana athu a sekondale akafika pa mutu wa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ambiri amaloweza zaka ndi mayina a atsogoleri n'kukalemba mayeso, koma funso loti munthu wolamula anzake amasenza chiyani anthu akewo akalakwa siliwafika pamtima. Pa zaka zimene ndaphunzitsa mbiri yakale kuno ku Mangochi, njira imene yandithandiza kwambiri ndi bwalo loyerekeza, pamene ophunzira amazenga okha mlandu wa Jenerale Tomoyuki Yamashita wa ku Japan, amene ananyongedwa pa 23 Febuluwale 1946 chifukwa cha nkhanza zimene asilikali a dziko lake anachita ku Philippines. Ntchitoyi imafuna masabata atatu, chipinda chimodzi, choko, mapepala olimba odulira makadi, ndiponso mphunzitsi amene waiwerenga nkhaniyi mokwanira. Aphunzitsi anzanga, ndikufotokozerani mmene ndimachitira, pamodzi ndi malo amene ndinapunthwapo.

Yambirani pakhomo

Tsiku loyamba musathamangire ku Manila. Afunseni ophunzira ngati kwawo kuli nkhani ya agogo amene anapita ku nkhondo ya ku Burma, chifukwa asilikali a Nyasaland a gulu la King's African Rifles anamenyana ndi asilikali a Japan kumeneko mu 1944, ndipo nthawi zina mumapezeka mwana amene kwawo akusungabe mendulo kapena chithunzi chofwifwa cha mnyamata wovala chipewa chopinda mbali imodzi. Muwauze momveka kuti Yamashita sanalamulireko asilikali ku Burma, kuopa kuti angasokoneze, koma kuti nkhondo yake ndi yomweyo imene inakokera makolo athu kutsidya kwa nyanja yamchere.

Ngati sukulu yanu ili pafupi ndi pa boma, pitani nawo pa nsanja ya wotchi kuti akaone mfuti ya sitima ya Guendolen, imene inalira pa nyanja yathu mu 1914, ndipo muli pomwepo alozereni mlatho wa Bakili Muluzi, umene unamangidwa ndi thandizo la boma la Japan. Apo ndi pamene muyenera kunena mawu amene mudzawabwereze mpaka tsiku lomaliza, akuti pa bwaloli mukuzenga mlandu wa munthu mmodzi ndipo mtundu wa anthu a ku Japan suli pa mlandu. Chaka china sindinanene zimenezi, ndipo anyamata ena anayamba kutsanzira malankhulidwe a anthu a ku Asia monyoza. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa amene anasiya chitseko chosatseka ndinali ine.

Munthuyo adziwike asanaime pa bwalo

Sabata yoyamba ikhale ya mbiri ya munthuyo. Lembani mzere wautali pa bolodi, ophunzira aziikapo zaka. Yamashita anabadwa pa 8 Novembala 1885 m'chigawo cha Kochi pa chilumba cha Shikoku, ndipo bambo ake anali dokotala wa kumudzi. Anamaliza sukulu ya usilikali mu 1905 ndi ya akuluakulu a nkhondo mu 1916, kenako anaimirira gulu la nkhondo la dziko lake ku Switzerland, ku Germany ndi ku Austria. Mu Febuluwale 1936, asilikali achinyamata ataukira boma ku Tokyo, iye anawapemphera chifundo, zimene zinamudanitsa ndi Mfumu Hirohito, ndipo anatumizidwa ku Korea. Pa gawo limeneli musachedwepo.

Pochedwa ndi pa Malaya. Pa 8 Disembala 1941 asilikali ake anatsika m'sitima kumpoto kwa dzikolo ndi kumwera kwa Thailand, ndipo anathamangitsa asilikali a Britain, India ndi Australia kulowera kumwera, ambiri mwa asilikali a Japanwo akupalasa njinga m'misewu ya m'minda ya mphira. Ana a kuno, amene tsiku lililonse amaona njinga za kabaza zitasenza matumba a chimanga ndi madengu a usipa, amamvetsa msanga chifukwa chimene msilikali wa pa njinga ankafikira pa mlatho wogumulidwa, n'kunyamula njingayo paphewa n'kuoloka, pamene galimoto ikanaima. Pa 15 Febuluwale 1942, patatha masiku 70 okha, Jenerale Arthur Percival wa ku Britain anapereka Singapore m'manja mwa Yamashita mu fakitale ya Ford ku Bukit Timah, ndipo asilikali pafupifupi 80,000 anagwidwa. Kuyambira pamenepo anthu ankamutcha Kambuku wa ku Malaya.

Apa pali chinthu chimene simuyenera kulumpha, ngakhale ana atatengeka ndi luso la munthuyo. Pa 14 Febuluwale asilikali a Japan anapha odwala ndi ogwira ntchito m'chipatala cha Alexandra, ndipo mzindawo utagwa, amuna a mtundu wa Chitchaina anasonkhanitsidwa, kusankhidwa, n'kukaphedwa m'mphepete mwa nyanja, pa chiwembu chimene chimatchedwa Sook Ching. Mbali ya Japan inavomera anthu pafupifupi 5,000, pamene a ku Singapore amatchula zikwi makumi angapo. Lamulo la ntchito imeneyi linachokera ku likulu la gulu limene Yamashita ankalamulira. Nkhaniyi sinali pa mndandanda wa milandu ya ku Manila, choncho ilembeni pa khadi lapadera ndi kulisunga, chifukwa mudzalifuna bwalo likadzatha.

Mu Julayi 1942 anasamutsidwira ku Manchuria, kumpoto chakum'mawa kwa China, kutali ndi nkhondo yeniyeni, ndipo ambiri amati chinachititsa ndi kusagwirizana kwake ndi nduna yaikulu Hideki Tojo. Anakhala kumeneko zaka ziwiri, mpaka pamene anamuitana kuti akateteze Philippines zinthu zitaipa kale.

Jambulani Luzon pansi

Mlandu wonse wagona pa miyezi 11 ya ku Philippines, ndipo mwana amene sakuona malowo m'maganizo mwake sangaweruze chilichonse. Ine ndimatuluka nawo panja pansi pa mtengo, n'kujambula chilumba cha Luzon ndi phulusa monga momwe timalembera bwalo la mpira wamanja. Mwala umodzi ukhale Manila, njerwa ikhale Baguio kumapiri a kumpoto, ndipo chigawo cha Batangas chikhale kumwera kwa Manila. Auzeni kuti kuchoka ku Baguio kufika ku Manila ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 250, wotalika kuposa ulendo wochoka kuno kupita ku Blantyre, ndipo panthawiyo ndege za America ndi zigawenga za eni dziko zinali zitadula misewu ndi mawaya a mauthenga.

Kenako yendani nawo pa mapuwo motsata masiku. Yamashita anafika ku Manila kumayambiriro kwa Okutobala 1944, ndipo pa 20 Okutobala asilikali a America anatsika pa chilumba cha Leyte. Pa 9 Januwale 1945 anatsikanso pa gombe la Lingayen ku Luzon. Yamashita anagawa asilikali ake m'magulu atatu, iye n'kukwera kumapiri a ku Baguio, ndipo analamula kuti asilikali achoke mu Manila osamenyeramo nkhondo. Mkulu wa asilikali a pamadzi, Sanji Iwabuchi, anatsalira mu mzindawo ndi asilikali pafupifupi 16,000, ndipo kuyambira pa 3 Febuluwale mpaka pa 3 Malichi munamenyedwa nkhondo ya nyumba ndi nyumba imene inapha anthu wamba pafupifupi 100,000, ena ophedwa mwadala ndi asilikali a Japan, ena ndi mizinga ya America. Iwabuchi anafera momwemo. Yamashita anakhalabe kumapiri mpaka pa 2 Sepitembala 1945 pamene anadzipereka ku Kiangan, ndipo mmawa mwake anasaina kugonja kwake ku Baguio, Percival uja ali pomwepo.

Gawani maudindo

Oweruza akhale asanu, monga zinalili, ndipo ana adziwe kuti onse asanu anali akuluakulu a asilikali a America, motsogozedwa ndi Russel Reynolds, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wophunzira zamalamulo. Oimba mlandu akhale anayi kapena asanu. Oteteza akhale asanu ndi mmodzi, chifukwa Yamashita anapatsidwa maloya asanu ndi mmodzi a usilikali wa America, motsogozedwa ndi Harry Clarke, ndipo ngakhale anali oteteza mdani wa dziko lawo, anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Mufunikanso mlembi, womasulira ndi mboni zosachepera khumi. Popeza makalasi athu ndi odzaza, otsala onse akhale atolankhani, aliyense adzapereke lipoti la tsamba limodzi.

Posankha woimira Yamashita, musatenge mwana wa nthabwala amene amakonda kusekedwa. Sankhani wodekha, wotha kuyankha mafunso ataimirira kwa nthawi yaitali, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana. Atsikana akhalenso pakati pa oweruza ndi maloya, asangotsalira pa udindo wa mboni zolira.

Mlandu weniweni ulembeni pa pepala lalikulu ndi kulipachika. Yamashita sanaimbidwe mlandu woti anapha munthu ndi dzanja lake, kapena woti analamula kupha. Anaimbidwa mlandu woti ananyozera udindo wake wolamulira asilikali ake, n'kuwalekerera kuchita nkhanza zoopsa kwa anthu a ku Philippines ndi a ku America. Ana akalephera kusiyanitsa zimenezi, bwalo lonse limasokera. Oimba mlandu anayamba ndi mfundo 64, ndipo kutatsala masiku atatu kuti mlandu uyambe anaonjezapo zina 59, zonse pamodzi 123, koma oteteza atapempha nthawi yokonzekera sanapatsidwe. Inunso chitani chimodzimodzi: apatseni oteteza makadi ochepa sabata yachiwiri ikamayamba, ndipo mulu wina muwapatse kutatsala masiku atatu. Adzabwera kwa inu akudandaula kuti, "Aphunzitsi, zimenezi si chilungamo," ndipo muwauze kuti akadandaule kwa oweruza pa bwalo.

Makadi a umboni

Iyi ndi ntchito yolemera kwambiri, ndipo muigwire nokha. Pa mlandu weniweni panali mboni 286 ndi zikalata ndi zinthu zina za umboni zoposa 400, koma inu makadi 20 akukwanirani. Musapeke mayina a mboni. Lembani kuti "mayi wopulumuka wa ku Manila" kapena "mlimi wa ku Batangas", ndipo muikepo zokhazo zimene zinachitikadi: kuphedwa kwa anthu amene anabisala m'nyumba ya Red Cross ku Manila pa 10 Febuluwale 1945, kuphedwa kwa ena pa sukulu ya De La Salle mu mzinda womwewo patatha masiku awiri, kugwiriridwa kwa amayi ndi atsikana mu hotela ya Bayview, kuphedwa kwa anthu wamba amene oimba mlandu anati anaposa 25,000 ku Batangas, ndi kutenthedwa kwa akaidi a ku America pa chilumba cha Palawan pa 14 Disembala 1944.

Makadi amenewa awerengedwe ndi mawu wamba, wowerengayo ataimirira, kalasi ili chete. Musalole sewero la kupha, mfuti za mitengo, kapena kulira kopeka. M'kalasi mwanu mukhoza kukhala mwana amene nkhanza ya kugwiriridwa inamuchitikira kapena inachitikira mbale wake, choncho nenani tsiku lisanafike kuti nkhaniyi idzatchulidwa, ndipo khadi limenelo liperekedwe kwa yekhayo amene wavomera. Anthu amene anafa ku Manila ndi ku Batangas ndiwo eni mlanduwu, ndipo ndaona kuti ana akatengeka ndi mikangano ya maloya amawaiwala msanga.

Oimba mlandu amange mfundo yawo pa kuchuluka kwa nkhanzazo. Anene kuti zinachitika m'malo ambiri, kwa miyezi yambiri, m'njira zofanana, moti mkulu wa asilikali sakanalephera kuzidziwa pokhapokha atatseka maso dala, ndipo akumbutse bwalo kuti mu Disembala 1944, pamene anthu oganiziridwa kuti ndi zigawenga ankaphedwa mu Manila popanda kuzengedwa mlandu moyenera, likulu la Yamashita linali lidakali pafupi ndi mzindawo. Oteteza ayankhe kuti munthuyo anafika kutatsala masabata awiri okha kuti adani atsike, sankawadziwa akuluakulu ambiri a pansi pake, mauthenga ankadulidwa, ndipo asilikali a pamadzi amene anawononga Manila anakana lamulo lake loti achoke. Mboni yawo yaikulu ikhale Akira Muto, wachiwiri wake pa likulu, amene anachitiradi umboni pa mlanduwo. Aphunzitseninso kutsutsa umboni wa "ndinamva kwa uje", chifukwa bwalo la ku Manila linalandira umboni wotere pamodzi ndi zikalata za anthu amene sanabwere kudzafunsidwa mafunso.

Fanizo la kunyanja ndi malire ake

Kuti ana amve tanthauzo la udindo wa wolamula, ndimawafunsa za mwini khoka amene alovi ake agwidwa akukoka nsomba pa nthawi imene nyanja ili yotseka, iye ali kunyumba. Pafupifupi onse amayankha kuti mlandu ndi wa mwini khoka, ndipo sipalephera wina wonena kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Ena amatchula ng'ombe zimene zadya m'munda wa eni, kuti wolipira ndi mwini khola ngakhale woweta anali mwana. Mafanizo amenewa ndi abwino poyambira, koma musawalole kuti athere pomwepo, chifukwa pa bwalo la mfumu mapeto ake ndi chindapusa, pamene ku Manila mapeto ake anali chingwe. Chilango chikakula chotere, bwalo liyenera kufunsa zambiri.

Lembani mafunso atatu pa bolodi, ndipo oweruza asagamule asanawayankhe limodzi ndi limodzi. Kodi amene anachita nkhanzazo analidi pansi pa ulamuliro wake, moti akanatha kuwaletsa? Kodi ankadziwa, kapena zinthu zinali zoti munthu wa udindo wake ankayenera kudziwa? Nanga anachitapo chiyani kuti aletse, kapena kuti alange olakwawo? Chimene chimaonekera ana akatsata mafunsowa ndi chakuti yankho la ku Manila likhoza kusiyana ndi la ku Batangas, chifukwa ku Batangas ochita nkhanza anali asilikali a pamtunda, a gulu lake lenileni.

Tsiku la bwalo

Pemphani kwa aphunzitsi aakulu masana athunthu, chifukwa maola awiri ndi theka amatha osadziwika. Mlembi awerenge mlandu, woimbidwa mlandu aukane, oimba mlandu aitane mboni zawo, oteteza azifunse mafunso, kenako asinthane. Yamashita alankhule pomalizira, monga mboni ya iye mwini. Aliyense polankhula ndi oweruza ayambe ndi mawu akuti "Olemekezeka". Lolani mboni zina kuti ziyankhule m'Chiyao, womasulira azitembenuzira m'Chichewa. Zimachedwetsa, ndipo nthawi zina womasulirayo amaphonya, koma ndi mmenenso zinalili ku Manila, kumene kumasulira pakati pa Chijapani ndi Chingerezi kunavuta kwambiri.

Inu khalani kumbuyo ndi wotchi, ndipo musalowerere pokhapokha wina atanena chinthu chimene sichinachitike. Oweruza akavote mwachinsinsi pa timapepala, ndipo kuti munthu apezeke wolakwa pafunike mavoti anayi mwa asanu, popeza bwalo lenileni linkafuna magawo awiri mwa atatu. Musavutike kubisa chigamulo chenicheni, chifukwa ana ali ndi mafoni ndipo adzachipeza. Ingowauzani oweruza kuti iwo akumangidwa ndi umboni umene aumva m'chipindamo basi. Wapampando afotokoze zifukwa za chigamulo chawo asanakhale pansi.

Bwalo likatha

Phunziro lotsatira ndi lofunika kuposa tsiku la bwalo. Mlandu weniweni unayamba pa 29 Okutobala 1945 ndipo chigamulo chinaperekedwa pa 7 Disembala, tsiku limene panakwana zaka zinayi Japan chiphulitsireni doko la sitima za nkhondo za America la Pearl Harbor. Maloya ake anakachita apilo mpaka ku khothi lalikulu la America, limene pa 4 Febuluwale 1946 linakana pempholo, oweruza 6 kutsutsana ndi awiri. Ana amvetse kuti khothilo silinayezenso umboni, linangoona ngati bwalo la asilikali linali ndi mphamvu zozenga mlanduwo. Oweruza awiri otsutsawo, Frank Murphy ndi Wiley Rutledge, analemba kuti mlanduwo unathamangitsidwa ndipo munthuyo sanapatsidwe mwayi wokwanira wodziteteza. Jenerale Douglas MacArthur, mkulu wa asilikali a America m'deralo, anavomereza chilango cha imfacho, Pulezidenti Harry Truman wa America sanachisinthe, ndipo Yamashita ananyongedwa ku Los Baños, kumwera kwa Manila, ali ndi zaka 60. Mu 1949 bwalo lina la asilikali linamasula Soemu Toyoda, mkulu wa asilikali a pamadzi, amene anaimbidwanso mlandu wokhudza nkhanza za ku Philippines.

Apa ndi pamene mumatulutsa khadi la Sook Ching lija. Ana akandifunsa maganizo anga, ndimawauza mosabisa kuti mlandu wa ku Manila unazengedwa mothamanga ndi mosasamala malamulo a umboni, ndipo zimenezo zinali zolakwika ngakhale kwa munthu wotere. Kuti mfundo yoti wolamula amayankha pa zimene analekerera ndi yolungama. Ndiponso kuti umboni wolemera kwambiri wotsutsa Yamashita unali ku Singapore, kumene sanazengedwe mlandu. Maganizo amenewa muwanene pambuyo pa chigamulo cha ana, chifukwa mukawanena msanga oweruza anu adzangokutsatani.

Malizani powaonetsa kumene mfundoyi inafika. Inalembedwa mu pangano loonjezera pa malamulo a ku Geneva mu 1977, kenako mu ndime 28 ya pangano la ku Rome la 1998 limene linakhazikitsa khothi la milandu yaikulu ku The Hague, ndipo Malawi analowa m'panganoli mu 2002. Malamulo atsopanowa amafuna umboni woti wolamulayo ankadziwa kapena ankayenera kudziwa, ndiponso kuti anali ndi mphamvu zenizeni pa asilikaliwo. Jean-Pierre Bemba, amene ankatsogolera gulu lina la nkhondo la ku Congo, anapezeka wolakwa ku khothi limeneli pa mfundo yomweyi mu 2016, n'kumasulidwa pa apilo mu 2018. Ena mwa ana amene akhala pa mabenchiwo adzalowa usilikali kapena upolisi, ndipo asilikali athu akhala akutumizidwa kukasungitsa mtendere ku Congo komweko, choncho ntchito yolemba ikhale yoti aliyense afotokoze pa masamba awiri zimene mkulu wa asilikali amene ali kumapiri, mawaya atadulidwa, akanayenera kuchita pa sabata imene anamva mphekesera yoyamba ya kuphedwa kwa anthu wamba. Mukatolera malipoti a atolankhani, makadi a mboni za ku Manila, Batangas, Palawan ndi Singapore aikeni mu envulopu yawoyawo, mulembepo mayina a malo ndi masiku, kuti kalasi ya chaka chamawa idzawapeze ali bwino.